Adadi Anachonga Kuti Inde

Gulu: za adadi
Raelene, Warwick, Azakhali Noelene

LOLEMBA

09:12 Warwick: dokotala wangotuluka kumene. palibe kusintha. mbali ya kumanja yonse yafa, sakumeza, mawu palibe. maso okha ndi amene akutsegula

09:13 Warwick: akuti sitiroko yake inali yaikulu. akufuna meeting ndi ana onse awiri lachinayi 2 koloko

09:14 Warwick: afunsanso ngati adadi analemba chikalata chija chonena zomwe akufuna akadzalephera kuyankhula. kachitatu tsopano ndikuyankha kuti sindikudziwa

09:31 Raelene: ndili pa ntchito, ndiimba pa lunch

09:32 Warwick: musaimbe asisi, mu wadi muno salola. ingoyankhani, chilipo kapena palibe

09:50 Raelene: dzulo ndinasanthula nyumba yonse. mmadirowa, mshedi, ngakhale mbokosi la mbedza. ndapeza wilu ya 2009 basi. cha zachipatala palibe

09:52 Azakhali Noelene: MWADZUKA BWANJI ANA INU. MCHIMWENE WANGA WAGONA BWANJI

09:54 Warwick: agona azakhali. ndinawauza kuti mwapereka moni, anandiyang'ana

10:05 Raelene: lachinayi sizitheka Waz. ndi tsiku lokhazikitsa lipoti lathu, 11 koloko, kukubwera anthu a ku boma. kuchoka ku Whyalla kuno kufika ku Adelaide ndi maola anayi ndi theka. afunse ngati lachisanu zingatheke pls

10:06 Warwick: lipoti lake ili?

10:06 Warwick: [chithunzi: tsamba la nyuzi. Raelene akumwetulira, wanyamula kabuku. Mutu wa nkhani: "Okalamba 8 mwa 10 aliwonse kuno akonzekera za mapeto a moyo wawo"]

10:08 Warwick: mnzanga wanditumizira mmawa uno. ndaseka ndekha mpaka nesi kucheuka

10:08 Warwick: ndiye kuti adadi ali mwa awiri otsalawo. pomwe wolemba bukulo amakhala misewu itatu kuchoka pakhomo pawo

10:20 Raelene: usayambe

10:21 Warwick: sindinayambe. tumizani lipoti lonselo ndiwerenge. nthawi ndili nayo, ndangokhala pano kumvetsera makina

10:44 Raelene: [fayilo: lipoti_lomaliza.pdf, masamba 42]

10:45 Raelene: werenga. zaka ziwiri za moyo wanga zili mmenemo. bungwe lathu la okalamba likufuna nesi woyendera odwala mmakomo, ndipo boma silimva nkhani za pakamwa, limamva manambala

15:30 Azakhali Noelene: NDATHIRIRA TOMATO WA BAMBO ANU DES. NKHUKU ZILI BWINO

LACHIWIRI

08:40 Warwick: lachisanu akana. dokotala wake sakhalapo. lachinayi lomwelo

08:41 Warwick: nkhani yake ndi iyi. kaya awaike paipi ya chakudya ndiye kenako kumalo osungira okalamba, kaya angowathetsera ululu mpaka basi. akuti ife ndi amene tinene zomwe adadi akanafuna

08:58 Raelene: ndaona

09:15 Warwick: lipoti ndaliwerenga lonse. kawiri. ndili ndi mafunso, mai ofufuza

09:16 Warwick: tsamba 6. anthu 312. munawapeza ku kalabu ya masewera a bowls, ku library, pa tiyi wa ku tchalitchi ndi pakhomo pa shopu yaikulu

09:17 Warwick: ndiye kuti munafunsa okalamba oyenda okha, ometa ndevu, ovala nsapato. amene ali gone mmanyumba, amene akuyandikiradi mapetowo, anawafunsa ndani

09:25 Raelene: zalembedwa pa tsamba 38 kuti kumeneko sitinafike. sitinabise

09:26 Warwick: ee tsamba 38, pansi penipeni, tizilembo tofuna magalasi awiri

09:28 Warwick: funso 4. "kodi munamvapo za chikalatachi". 81 peresenti inde. inenso ndinamvapo za Paris asisi, koma sindinapondeko

09:29 Warwick: tsamba 31, katebulo kakang'ono, amene ANALEMBADI ndi 14 pa 100. nanga 8 mwa 10 akonzekera yachoka pati

09:41 Raelene: mutu wa nkhaniwo si wanga. ine ndinalemba kuti "akudziwa". abwana ndi a nyuzi ndi amene anaika "akonzekera"

09:42 Warwick: koma mano ali pa chithunzipo ndi anu

10:03 Azakhali Noelene: [VN 1:12]
Ee, Warwick mwanangu, ukuwerengazo ndi za ife tomwe. Ine ndilimo mmenemo. Anabwera ku kalabu Lachitatu lina, amayi awiri a mabaji pachifuwa, nkuyala mapepala pa tebulo la tiyi. Woyankha ankalowa mumpikisano wa dengu la Khirisimasi. Ndiye tonse tinayankha, ngakhale Merv uja wogontha. Funso loti munamvapo lija, ine ndinachonga inde. Ndimayesa akunena inshuwalansi ya maliro, poti imeneyo ndili nayo. Komanso ungachonge ayi Dulcie akukusuzumira paphewa? Mawa lake tauni yonse imve kuti Noelene ndi mbuli. Dengu lakelo anatenga ndi Merv yemweyo.

10:07 Warwick: kkkk zkm azakhali. Rae mwamva umboni

10:08 Warwick: tsamba 19. anthu 58 anadumpha mafunso a imfa osayankha. mwalemba kuti "sanawerengedwe". amenewo ndi amene ali ndi mantha. munawataya kuti nambala ikongole

10:30 Raelene: umu ndi mmene kafukufuku aliyense amachitira. sungawerenge yankho lomwe palibe

10:31 Warwick: kukhala chete ndi yankho. bwerani mudzaone pa bedi 14

10:33 Warwick: lomaliza. mukuti mukufuna nesi. boma likawerenga kuti 8 mwa 10 akonzeka kale, nesiyo litumize wa chani

10:52 Raelene: wamaliza?

10:53 Raelene: chaka chathachi wabwera kuno kawiri. Khirisimasi ndi tsiku lomwe unadzatenga kabwato ka adadi. amene amawatengera adadi kwa dokotala ndine. mankhwala mkabokosi ka sabata ndine. zikhadabo za kuphazi ndine

10:54 Raelene: masiku atatu pa mpando wa chipatala wasanduka pulofesa

10:55 Raelene: iweyo unawafunsapo? sabata ndi sabata mumaimbirana. mumakamba chani

11:10 Warwick: mpira

11:10 Warwick: ndi mtengo wa dizilo

11:11 Warwick: koma ine sindinalembe buku

11:40 Azakhali Noelene: ANA INU BASI

13:05 Warwick: nesi wawatembenuza, agona. Rae funso limodzi lenileni, osati lonyoza

13:06 Warwick: funso 9. "kodi munakambiranapo ndi a pabanja panu za chisamaliro chomwe mungafune". 64 peresenti inde. adadi anayankha nawo kafukufukuyu?

13:40 Raelene: mafomu alibe maina

13:41 Warwick: sindinafunse za maina. anayankha kapena ayi

14:15 Warwick: Rae

15:02 Warwick: chifukwa ngati anachonga inde ndiye kuti alipo amene anamuuza. si ine. tikufunika kumupeza munthu ameneyo lisanafike lachinayi

15:48 Azakhali Noelene: [VN 1:31]
Rae, mwanangu, undikhululukire, koma ine ndinalipo. Linali Loweruka lija kunatentha, mu Febuluwale, ndinabweretsa nkhanu zophikaphika kwa Des. Unalowa ndi mapepala, makiyi a galimoto ali m'manja, sunakhale ndi pansi pomwe. Unati adadi ndithandizeni, kwatsala anthu ochepa kuti tikwanitse. Des anazimitsa wailesi. Des kuzimitsa wailesi mpira wa kiriketi uli mkati, ine chibadwire sindinaonepo. Iwe ukuwerenga, iye akuyankha. Mutafika pa funso limenelo anavula magalasi nkuwaika pa tebulo, ndiye anatchula Coral, mayi wanu. Zotsalazo unene wekha. Ine ndinali pa sinki, madzi akutuluka, sindinamve bwino. Koma mlongo wakoyu ali yekha kuchipatala uko, usamusiye akusakasaka munthu amene kulibe.

15:55 Warwick: Rae?

16:30 Warwick: [wakuimbirani, simunayankhe]

17:12 Warwick: [wakuimbirani, simunayankhe]

18:47 Raelene: [VN 1:58]
Waz. Chabwino. Ndili mgalimoto panja pa ofesi. Fomu yawo ndinalemba ndine, iwo amangoyankha. Nditawerenga funso limenelo anavula magalasi. Kenako anati, Rae, tsiku lija tinazimitsa makina a mayi ako, ine... Pomwepo foni yanga inalira, anali abwana. Sindinayankhe, ndinangoyang'ana. Ndiye ndinati, adadi, apa mpa inde kapena ayi basi, zinazo tidzakamba ndikadzabwera mofatsa. Anandiyang'ana. Anavalanso magalasi. Anati, chonga inde, si izi takambiranazi. Anaseka pang'ono, nanenso ndinaseka. Ndinachonga. Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikupita kawiri pa sabata, miyezi isanu ndi itatu. Sindinawafunsenso. Iwonso sanayambenso. Ndiye munthu ukumusakayo ndine, ndipo ndilibe kanthu.

19:05 Warwick: ine chani

19:05 Warwick: "ine" kenako chani

19:09 Raelene: basi pomwepo

19:10 Warwick: iwe Raelene

19:10 Warwick: munthu amene sanatchule dzina la amayi zaka zisanu ndi chimodzi

19:11 Warwick: ndiye adadi unawawerengera mu 64 peresenti ija

19:26 Raelene: ee

LACHITATU

07:50 Azakhali Noelene: MWADZUKA. DES ALI BWANJI

08:22 Warwick: chimodzimodzi azakhali

09:05 Warwick: ndaganiza. chiganizo chija ndikuchidziwa mathero ake. "ine sindikufuna zimenezo". amayi anakhala pa makina masiku 9. tsiku lomaliza pa car park adadi anandiuza kuti galu sakanamusunga chonchi

09:06 Warwick: paipi ayi. mawa ndikanena zimenezo

09:31 Raelene: iwe unabwerera ku Adelaide patatha sabata. ine ndinatsala. chaka chathunthu amaika makapu awiri mmawa

09:32 Raelene: tsiku lina kumanda anati "mwina tinafulumira". kamodzi kokha, koma anatero. amene anasaina pepala lozimitsa anali iwo Waz

09:33 Raelene: mwina amafuna kunena kuti ine musadzandifulumizire

09:40 Warwick: adadi? munthu wogwira ntchito ku ng'anjo ya zitsulo zaka 34, wokana ndi ndodo yomwe? akhale chigonere akudya pa paipi, akusinthidwa thewera ndi anthu osawadziwa?

09:44 Raelene: sindikuti ndikudziwa. ndikuti nawenso sukudziwa

09:46 Warwick: mukufuna paipi kuti adzuke adzamalize chiganizo chanu. si za iwo izi, ndi za inu

10:20 Raelene: mwina

10:21 Raelene: koma ukalakwitsa iwe sizibwezeka. ndikalakwitsa ine zikhoza kubwezeka

10:38 Warwick: azakhali, inu ndi mlongo wawo. zaka 79 mukuwadziwa. akanafuna chani

11:02 Azakhali Noelene: [VN 0:49]
Mwanangu, ndagona ndi funso limeneli kuyambira Loweruka. Ndikanakhala nalo yankho bwenzi nditakupatsa. Des ndi ine timakamba za tomato, za miyendo yotupa, za amene wamwalira sabata ino. Za ife eni ayi. Kwathu bambo athu akamva wina akutchula imfa patebulo ankati ukuiitana. Tinakula choncho. Des ndi wamakani, makani ake akhoza kukhala oti ndisiyeni ndipite, akhozanso kukhala oti sindikupita kulikonse. Zonsezo ndi Des. Ndikanama ndikasankha chimodzi.

11:15 Warwick: ndayesa kuwafunsa. nesi anati ndiwagwire dzanja lamanzere, afinye akafuna kuvomera

11:16 Warwick: adadi mukufuna paipi, afinya. adadi simukufuna paipi, afinya. adadi lero ndi Khirisimasi, afinya

11:17 Warwick: onsewo inde. muwalembe mu lipoti

11:50 Raelene: Waz chonde

14:10 Warwick: mawa mubwera kapena mukamwetuliranso

LACHINAYI

06:55 Raelene: ndanyamuka

08:02 Raelene: ndili pa Port Augusta, ndikuthira mafuta. abwana ndawauza kuti awerenge okha manambala awo. sanasangalale

08:03 Raelene: ndabweretsa mano awo ndi kawailesi

08:30 Warwick: wadi 6, chipinda chachitatu. manowo sangavale

15:20 Azakhali Noelene: ZATHA BWANJI

15:58 Raelene: azakhali tatuluka. tagwirizana kuti ayese kapaipi ka mmphuno masabata awiri. akaona kusintha aika ya mmimba. akapanda kuona tikhalanso pansi

16:01 Warwick: sitinagwirizane. ndagonja. dokotala anatifunsa kuti bambo anu anali munthu wotani, tinayankha ngati tikunena anthu awiri

16:04 Raelene: ndigona kwa mnzanga ku Prospect, mu Adelaide momwe muno. ndizikhala nawo masana, Waz abwerere ku ntchito

16:30 Azakhali Noelene: MULUNGU AKUTSOGOLERENI. KU HOLO YA LIPOTI LIJA KUNADZAZA. ANAOMBA MMANJA. MASANGWEJI ANALI OUMA

LAMLUNGU

10:14 Raelene: adadi azula kapaipi mmawa uno. anesi abwezeretsa

10:40 Warwick: ndi dzanja lamanzere?

10:41 Raelene: ee

LACHIWIRI

12:20 Raelene: azulanso. magazi pang'ono mmphuno

12:33 Warwick: si yankho limenelo? mukufuna alembe kalata?

12:45 Raelene: ndafunsa. nesi akuti odwala sitiroko ambiri amatero, chimawanyansa pankhope, sadziwa kuti ndi chani. akuti tisawerengepo zambiri

12:46 Warwick: sanawerengedwe

12:58 Raelene: ndatopa Waz

LACHINAYI

09:35 Raelene: [chithunzi: dzanja la nkhalamba pa bulangeti loyera, lavekedwa golovesi yaikulu yonga ya ankhonya, yomangidwa pamkono]

09:36 Raelene: ndapeza chonchi. anazula kachitatu. akuti ndi yowateteza

09:52 Warwick: ndili pansi pa basi, manja ali ndi girizi. ndiona pa break

10:31 Warwick: ndaona

11:47 Raelene: [VN 1:20]
Ndakhala nawo maola awiri. Akungokweza dzanjalo, kuliyang'ana, kuligwetsa. Kukweza, kuliyang'ana. Ndinayatsa kawailesi, sanatembenuke. Ndiye ndinatseka chitseko ndinati, adadi, ndine Rae, ndakhala pansi tsopano, foni ndazimitsa, nenani za tsiku lija. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Milomo imagwedera koma palibe chotuluka. Kenako anayang'ananso golovesi ija. Waz, sindikudziwa zomwe amafuna kunena mu Febuluwale, ndipo sindidzadziwa. Koma dzanja limodzi ndi lomwe latsala, ndipo talimanga ndife. Ndapempha dokotala kuti achotse kapaipi. Bwera ukaweruka tidzasaine limodzi. Usandisiyire ndekha ngati mmene tinawasiyira iwo za amayi.

12:10 Warwick: ndikubwera pompano

12:11 Warwick: musaganize kuti ndikusangalala kuti ndinalondola. sindikudziwa ngati ndinalondola

17:25 Raelene: azakhali, achotsa kapaipi ndi golovesi. awasamutsira mchipinda cha okha, chili ndi windo. akuti masiku, mwina sabata. kodi mungakwere basi ya mawa

17:48 Azakhali Noelene: NDIKWERA. NKHUKU NDISIYIRA MERV

LACHITATU

14:06 Warwick: azakhali muli kuti

14:09 Azakhali Noelene: PANSI NDIKUGULA TIYI

14:09 Warwick: bwerani msanga

14:31 Raelene: ndili pa maloboti, mphindi 10

14:32 Warwick: musathamange

14:33 Warwick: apita 14:20. ndinali nawo. azakhali anafika atangotha kumene

14:33 Warwick: anali chete. dzanja linali mmanja mwanga

14:50 Raelene: ndili pa car park. sindikutha kutsika

14:52 Warwick: ndikubwera kudzakutengani

LOLEMBA, PATATHA MASABATA AWIRI

09:20 Raelene: ndabwerera ku ntchito. ndapempha kuti fomu ya adadi ichotsedwe, ndawauza chifukwa chake. ndinaizindikira ndi zolemba zanga

09:21 Raelene: achotsa. anthu atsala 311

09:21 Raelene: peresenti sinasinthe. 64 yomweyo

09:44 Warwick: nanga mutu wa nkhani uja

09:50 Raelene: mabuku anasindikizidwa kale, 500. boma layamikira. akuti dera lathu ndi chitsanzo chabwino, nesi ayamba apita kumadera amene ali mmbuyo

09:58 Warwick: ndinanena

10:03 Raelene: unanena. ukufuna chani, mendulo?

10:05 Warwick: pa maliro paja abwana anu anandigwira chanza nkundiuza kuti bambo anu anali ndi mwayi, mwana wawo ndi katswiri wa zimenezi. ndinaluma lilime chifukwa cha azakhali

10:19 Raelene: ukanawauza. ndikanapuma

10:20 Raelene: za nyumba ndi katundu tizilemberana pa email. pa gulu pano ndatopapo

10:22 Warwick: ok

LACHISANU

10:15 Azakhali Noelene: ANA INU NDAJAMBULA MAWU. MUMVERE MPAKA KUMAPETO

10:24 Azakhali Noelene: [VN 4:37]
Rae, Warwick. Ndakhala patebulo, wailesi ndazimitsa. Ine ana ndilibe, mukudziwa, amene mudzafunsidwe ndi inu. Ndiye ndinene ndikadali ndi pakamwa. Ndikathyoka mwendo, andikonze, ndikufuna kuyendabe. Mtima ukaima, asandipsinje pachifuwa, nthiti zanga nzofooka, andisiye. Makina opumira ayi, ngakhale tsiku limodzi loti tiyese. Coral ndinamuona. Paipi ya chakudya ayi. Ndikadzasiya kukuzindikirani, chibayo chikabwera musachithamangitse, chilandireni ngati mlendo. Koma ululu ndimauopa, sindine wolimba mtima ngati Des, mankhwala andipatse okwanira ngakhale andigonetse. Ngati nkotheka ndithere m'nyumba mwanga muno, koma Rae usadzasiye ntchito chifukwa cha ine, ukadzalephera unditumize kumene angandisamale, sindidzakusungira chakukhosi. Musadzandimange manja. Windo likhale lotsegula. Milomo muzidzandinyowetsa ndi tiyi, osati madzi, shuga awiri. Dulcie asadzaimbe nyimbo. Ndipo inu awiri mukadzasiyana maganizo, mudzamvere mawu anowa, musadzakanganirane pa ine ngati mmene munachitira pa bambo anu. Madzi akatayika saoleka, za Des zatha, palibe anamupha. China. Mwezi watha anandijambula pachifuwa, ndili ndi chifuwa chomwe sichikutha. Sindinakuuzeni chifukwa cha zomwe tinali nazo. Aimba kuti ndipite Lachiwiri 10 koloko ndikamve zotsatira, ndipo akuti ndibwere ndi wachibale. Ndikudziwa tanthauzo lake akamatero. Rae, ngati ungapeze ola limodzi. Sindikufuna fomu. Ndikungofuna wina anene kuti azakhali ndamva.

12:40 Warwick: 👍

12:41 Warwick: ndimvera ndikaweruka azakhali, kuno kuli phokoso

13:15 Raelene: ndaona azakhali. ngati ndi za adadi lero sindingathe, mtima sunakhale mmalo. ndimvera weekend

13:22 Azakhali Noelene: CHABWINO MWANANGU

LAMLUNGU

16:05 Azakhali Noelene: KODI MWAMVERA MAWU AJA

LACHIWIRI

08:10 Azakhali Noelene: RAE

09:05 Azakhali Noelene: [wakuimbirani, simunayankhe]

09:07 Raelene: ndili mu meeting mpaka 12 azakhali, ndiimba ndikatuluka

09:31 Azakhali Noelene: NDAITANA TAKISI